Chimbudzi cha Dona

Amene sanamuonepo Eluby Kachingwe akuyendera zimbudzi za m'mudzi, ameneyo sanaone munthu wonyadira ntchito yake. Mayiyu anali mlangizi wa zaumoyo, kwawo ku Ntcheu, ndipo boma linamuponya ku Wenya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ena akawatumiza kuno amayamba kulemba makalata opempha kusamuka asanamasule n'komwe katundu. Eluby ayi. Anafika, anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu yake ya buluu, anaphunzira kunena monire ndi yewo, moni ndi zikomo wa anthu a kuno, n'kuyamba kulowa khomo ndi khomo, kaundula kukhwapa. Akafika pachimbudzi cha munthu ankasuzumira m'dzenje ngati akusankha tomato pamsika, kenaka n'kuponda mpondagiya, kachigubu kosambira m'manja kaja, kuti aone ngati muli madzi enieni kapena n'kongonamizira alendo.

Mudzi umene ankautchula ponseponse unali wa nyumba makumi anayi ndi ziwiri, ndipo khomo lililonse linali ndi chimbudzi chofolera, chokhala ndi chivundikiro chake. Panali patatsala miyezi iwiri kuti akuluakulu abwere kuchokera ku Boma kudzatsimikiza kuti m'mudzimo mulibenso munthu wodzithandizira kutchire. Anthu amenewo sawerenga zimbudzi zokha, ayi. Amalowa m'thengo la kuseri kwa nyumba, maso pansi, ndipo akapeza kamulu kamodzi kokha, basi, mudzi wonse walephera. Thukuta la Eluby la zaka zonsezo likanathera pa kamulu kamodziko.

Ndiye kamuluko kanalipo, ndipo mwini wake ankadziwika. Anali a Isaiah Kaira, kalipentala wakale, wazaka zoposa makumi asanu ndi awiri, amene mkazi wawo anamwalira kalekale. Nyumba yawo inali m'bwalo limodzi ndi ya mwana wawo Emmanuel ndi mkazi wake Esnart. Chodabwitsa n'chakuti pakhomo pamenepo panali chimbudzi choposa zonse m'mudzimo, cha njerwa zootcha. Zikhomo zake anakhoma ndi Eluby mwiniwakeyo, atayeza mapazi kuchokera kuchitsime ndi kuona kumene mphepo ya Chitipa imalowera. Koma mdala uja m'mawa uliwonse ankatenga ndodo yake n'kutsetserekera kukhwawa. Eluby anawalankhula mwaulemu, anawaonetsa zithunzi za ntchentche, anawatumizira ngakhale mkulu wa mpingo. Iwo ankangoti, “Yewo, amama,” mawa lake n'kutsetserekanso.

Tsono tisanapitirire, mumudziwe Dona. Dona anali mphaka wa Eluby, wakuda bii koma wa timiyendo toyera ngati wavala masokosi. Anamutenga ku Boma ali kamwana, m'katoni ya sopo, atamumangirira pakaliya ya njinga. Mwamuna wa Eluby, a Sylvester, amene ankaphunzitsa papulayimale yapafupi, ndi amene anamupatsa dzinalo poona mmene ankayendera monyang'wa. Zaka zitatu mphakayo anatha makoswe onse a m'nyumbamo, ndipo palibe anaonapo kumene ankadzithandizira. Eluby ankachita kumutchula pamisonkhano, kuti abale, ngati mphaka wanga amakwirira zake, nanga inu anthu obatizidwa?

Poona kuti alendo ayandikira, Eluby anati aphunzitsi ayambe okha. Khomo lake linayenera kukhala lachitsanzo, loti munthu akalowa azichita manyazi ndi kwawo. Mulu wa phulusa umene unali kuseri kwa khitchini anauwola wonse. Bwalo lonse analithira dothi la pachulu, kulitsira madzi, kulipondaponda ndi musi mpaka linauma gwa ngati simenti, n'kulizira. Dzenje la zinyalala analivundikira ndi lata, kadimba ka mpiru anakatchinga ndi bango lothinana loti ngakhale mwanapiye asadutse. Atamaliza anaima pakati pa bwalolo manja m'chiuno, ndipo ndikuuzeni, munthu akanatha kudyera pansi.

Patangopita masiku awiri, m'balaza munayamba kamphepo kachilendo. A Sylvester ananunkhiza nsapato zawo, Eluby ananunkhiza makatani. Atasuntha sofa anapeza zimene anapezazo. Eluby anazichotsa mwakachetechete, nati ndi ngozi, mwina Dona wadya buluzi woipa. Mawa lake zinali m'beseni la nyemba zoti aphike. Mkuja wake zinali m'katoni ya zithunzi zophunzitsira ukhondo, pamwamba penipeni pa chithunzi cha mwana wosamba m'manja. A Sylvester anaseka mpaka kutsamwa, koma atayang'ana nkhope ya mkazi wawo kuseka kunathera pakhosi.

Zikanathera m'nyumba momwemo, koma Lachinayi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi muja inabwera kudzakumana kwa Eluby. Kunja kunali chimphepo cha Julaye chija chonyamula fumbi, ndiye anawalowetsa amayiwo m'balaza, asanu ndi mmodzi, Esnart ali pomwepo. Eluby anali pakati pofotokoza kuti fungo ndi mboni yosanama, pamene amayi aja anayamba kuyang'anana. Wina anakoka chitenje kufikitsa pamphuno. Esnart, mtsikana wofatsa uja, anatukula nsalu ya patebulo kuti atambasule miyendo, ndipo anaibweza msangamsanga. Anachedwa, onse anali ataona kale. Dona anatulukira pansi pa tebulopo, anadzinyambita phazi, n'kudutsa pakati pa msonkhano mchira uli m'mwamba.

Palibe anaseka m'nyumbamo, amayi a kuno ulemu ali nawo. Anakasekera kumjigo. Pofika Loweruka nkhani inali itafika m'misika yonse yapafupi, ndipo inali itanenepa, ena ankati mphakayo amachitira m'poto. Eluby anamva kuwawa kwenikweni, kwa munthu amene wavulidwa pagulu. Komabe Lolemba anavala yunifolomu, anapita kwa a Kaira monga mwa masiku onse, poti ntchito sidikira manyazi.

Anawapeza atakhala pakhonde akusongola mpini. Anagwada chapatali, anapereka monire, n'kuyamba nyimbo yake ija ya ntchentche ndi kolera. Mdalayo anamvetsera mpaka kumapeto, anapukuta mpeni pathalauza, nayankha m'Chichewa chawo chosakaniza.

“Phepani, amama. Ndamva kuti chona winu, mphaka uja, akuchitira m'nyumba. Mukamuphunzitse kaye ameneyo. Akadziwa chimbudzi iyeyo, nanenso ndidzachidziwa.”

Wina akanaseka n'kuzitaya. Koma Eluby anali mwana wa ku Ntcheu, magazi ake sachedwa kuwira. Anawafunsa ngati akulonjeza zoona, iwo anati enya, mawu a Kaira sabwerera. Anadzuka, anakutumula chitenje, ndipo ulendo wonse wobwerera ankapalasa njinga ngati akuthawa njuchi.

Nkhondo inayamba tsiku lomwelo. Malangizo sanasowe, poti munthu ukagwa m'vuto aliyense amasanduka dokotala. Wina anati mugwire pakhosi, mukhutize mphuno yake pa zomwezo, n'kumukwapula ndi tsache. Eluby anachita, mtima ukumupweteka, ndipo Dona anamukala padzanja, anabisala tsiku lonse, n'kukachitira kuseri kwa kabati. Wina anati waza tsabola wopera m'makona monse. Amene anayetsemula sabata yathunthu anali a Sylvester. Eluby anatsuka pansi ndi kolorini wa kuntchito, anapaka parafini, anafukiza masamba a bulugama, koma mphakayo ankangosamuka kona. Anamutsekera panja, iye analowera pampata wa pakati pa khoma ndi malata. Masabata awiri anatha chonchi, ndipo Eluby anaonda, ndithu anaonda.

A Sylvester, potopa, anati nkhaniyi njosavuta. Thumba lilipo, njinga ilipo, akamusiya kwa mnzawo wa golosale ku Boma amene makoswe akumuvutitsa, ndipo mdala uja akauzidwa kuti vuto latha. Anawonjeza kuti ngati afuna umboni, kwa aphunzitsi aakulu kuli mphaka wakudanso wamakhalidwe abwino, angathe kubwereka. Eluby anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anawauza kuti zaka zonse wagwira ntchito sanachongepo m'kaundula chimbudzi chimene sanachione ndi maso ake, ndiye sayamba lero kunamiza nkhalamba ndi mphaka wobwereka. Komanso Dona si katundu woti akavuta n'kumuponya m'thumba. A Sylvester anakweza manja, nati iwo angopereka maganizo.

Loweruka lotsatira Eluby analibenso nzeru ina. Anatenga lichero la mtedza n'kukhala pakhonde kuti aziswa, mtima uli zii. Dzuwa linali litangotuluka, ndipo Dona anali atamwa mkaka wake. Eluby analibe mphamvu zomukalipira kapena kumuthamangitsa, anangomuyang'ana. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphaka uja anatsika pakhonde, analunjika kuseri kwa khitchini, pamalo penipeni pamene panali mulu wa phulusa. Anapalasa pansi. Zikhadabo zinangolira kwee kwee padothi louma lija, osatulutsa ngakhale kafumbi. Anasuntha pang'ono, anapalasanso, chimodzimodzi. Anapita kukadimba, anazungulira mpanda wa bango kufuna polowera, sanapapeze. Ananunkhiza lata la padzenje la zinyalala. Kenaka anayenda chobisalira mpaka pachipata, anasuzumira kunja kumene kunali mchenga wofewa wa m'mbali mwa njira, ndipo pomwepo panagona agalu awiri a oyandikana nawo. Mmodzi anatukula mutu. Dona anabwerera chafutambuyo, anaima pakati pa bwalo lokongola lija, analira kamodzi, kulira kwa chinthu chopanikizika, n'kulowa m'nyumba mothamanga.

Eluby anatsala atagwira mtedza m'manja. Manyazi amene anamugwira apa anaposa a tsiku la komiti lija, chifukwa awa analibe womuona. Mphaka wakeyo sanasinthe khalidwe. Zaka zitatu anali ndi chimbudzi chake paphulusa paja, ndipo amene anachigwetsa ndi mlangizi wa zaumoyo mwini. Anamulanda malo, kenaka n'kumamukwapula chifukwa chosowa malo. Analowa m'nyumba, anachotsa zimene Dona anachita kuseri kwa chitseko, ndipo tsiku limenelo tsache silinagwire ntchito ina koma kusesa.

Panali beseni lakale lachitsulo lodontha, limene ankaganiza zodzalamo maluwa. Anatsikira nalo kumtsinje, anadzazamo mchenga, anasakaniza ndi phulusa la m'mbaula. Pamwamba anaikapo pang'ono za Dona zomwezo kuti fungo limuitane. M'nyumba anatsuka makona onse ndi madzi otentha ndi sopo, sofa anaitulutsa padzuwa masiku awiri. Beseni lija analiika pakati pa khonde, poyera, kuti azitha kuona bwino ngati wophunzira wake akumvera.

Dona analinunkhiza, anaikamo phazi limodzi, anayang'ana Eluby amene anali chilili pambali pake, anayang'ana nkhuku, anayang'ana a Sylvester amene anasiya kuchonga makope kuti aonerere. Anatulutsa phazi lija, analikutumula, n'kulowa m'nyumba. Masiku awiri zinatero. Tsiku lachitatu Eluby anadzifunsa kuti kodi iyeyo angathe, anthu atamuzungulira chotero? Anakoka beseni lija n'kukaliika kuseri kwa mgolo wa madzi, pakona ya khitchini, anatchinga ndi chidutswa cha mphasa yakale, ndipo analamula mwamuna wake kuti asayang'anenso komweko.

M'mawa mwake, akutsuka mbale pathandala, anamva kaphokoso kuseri kwa mphasa kuja, tswa tswa tswa, mchenga ukupalasidwa. Anaima chiimire, mbale m'manja, osapuma n'komwe. Patapita kanthawi Dona anatuluka, anadziwongola msana, n'kupita kukaothera dzuwa. Eluby anasuzumira. Zinali zitakwiriridwa bwinobwino, kamulu kosalala, ntchito ya katswiri. Mayi wamkulu uja anavina yekha kuseri kwa khitchini, thovu la sopo lili m'manja, ndipo anakawakoka a Sylvester pamkono kuti adzaone. Iwo anati zaka makumi awiri za ukwati sanaitanidwepo kudzaona zotere, koma anavomereza kuti zakwiriridwa mwaluso.

Sabata yathunthu m'nyumba munali fungo la sopo lokha. M'mawa uliwonse Eluby ankachotsa za m'besenimo ndi kafosholo n'kukataya m'chimbudzi, Loweruka n'kusintha mchenga. Akanatha kuthamangira kwa a Kaira tsiku loyamba lomwelo, koma china chake chinkamukoka mwendo. Nthawi zonse akawerama kuseri kwa mphasa ija ankakumbukira kuti iye anamenya mphakayu masabata awiri asanamuyang'ane n'komwe. Nanga mdala uja, amene wakhala akumulalikira zaka ziwiri?

Anapita tsiku limene ankadziwa kuti a Kaira ali kumaliro kutsidya. Sanatulutse kaundula. Anakaima pakhomo pa nyumba ya mdalayo, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulunjika kuchimbudzi cha njerwa chija. Njira yake inali imodzi yokha. Inadutsa pakati pa bwalo, inakhota pankhokwe, n'kudzera pakhomo penipeni pa khitchini ya Esnart, pamene mtsikanayo ankakhala tsiku lonse, ndipo chitseko cha chimbudzicho chinayang'ana komweko. Esnart anali pomwepo akupeta mawere, akumuyang'ana modabwa.

Eluby anakhala naye pamphasa, anamuthandiza kutola timiyala, kenaka anafunsa molunjika chifukwa chimene apongozi ake salowera m'chimbudzimo. Esnart anagwira pakamwa. Anayang'ana uku ndi uku, ndipo anayankha monong'ona, maso ali palichero.

“Amama, aja ndi adadavyara. Ine dzina lawo sinditchula. Tikakumana panjira ndimapatukira m'maudzu n'kugwada. Ndiye alowe mmene ndimalowa ine? Atuluke, ndiwaone?”

Anafotokoza kuti kale mdalayo anali ndi kachimbudzi kake kuseri, kamene kanagwa ndi mvula chaka chomwe chatsopanochi chinamangidwa, ndipo Eluby ataona cha njerwacho analemba kuti khomo ili latha, chimodzi n'chokwanira. Emmanuel anakumba pamene panakhomedwa zikhomo chifukwa alangizi anatero. Mudzi wonse unkadziwa chimene chikuvuta, koma ndani akanatsegula pakamwa kunena za kumene mkulu amakhala pansi? Mwini wakeyo ndiye akanalolera kufa. Eluby anafunsa kuti bwanji sanamuuze, zaka ziwiri zonsezi. Esnart anati, mwaulemu wake wonse, alangizi sanafunse.

Safunsa anadya phula, abale. Kwawo kwa Eluby mkamwini ndi apongozi amapewana ndithu, koma chimbudzi cha pakhomo n'cha pakhomo, ndipo iye anabwera ndi mutu umenewo n'kuuika pa anthu a eni. Anayeza mtunda wa kuchitsime, anayeza mphepo, koma khomo la khitchini ya mkamwana, Esnart uja, sanaliyeze. Pobwerera sanakwere njinga, anangoikankha.

Anatumiza mawu kwa a Kaira kuti wophunzira uja wakhoza mayeso, abwere adzaone okha. Anabwera Lachisanu masana, atavala jekete la kutchalitchi, ndodo m'manja, ndipo sanabwere kudzacheza. Anakana mpando. Analowa m'balaza, anakoka mpweya ndi mphuno, anasuzumira kuseri kwa sofa, anatukula nsalu ya patebulo ndi nsonga ya ndodo, anagwada movutikira kuyang'ana pansi pa kabati. Eluby anaima pakhomo manja kumbuyo, akuona ntchito yake yomwe ikugwiridwa pa iye, ndipo kunena zoona mdalayo ankaidziwa. Atakhutira anafunsa kuti nanga chimbudzicho chili kuti.

Anawatengera kuseri kwa khitchini n'kupatula mphasa ija. A Kaira anayang'ana besenilo nthawi yaitali, anatokosa mchenga ndi ndodo mpaka anapeza umboni. Dona anali pamwamba pa mgolo, akuwayang'ana ngati msonkhanowo sukumukhudza. Mdalayo anafunsa chifukwa chimene anabisira beseni kuseri kuno, pamene khonde lili ndi malo ambiri.

“Pakhonde anakana, adada,” anatero Eluby. “Safuna kuonedwa.”

A Kaira anayang'anitsitsa mphasa ija. Pamenepo Eluby anagwada pansi, pabwalo lake lolimba lija, yunifolomu ndi yunifolomu yomwe.

“Adada, zikhomo zija ndinakhoma molakwika. Sindinakufunseni. Malo a chimbudzi chanu mukasankhe nokha, ine ndidzangobwera kudzaona ngati chili kutali ndi madzi.”

Sanatchule Esnart, sanatchule khitchini, ndipo mdalayo anamva kuti sanatchule dala. Anatsamira ndodo yake ndi manja onse awiri. Pamene analankhula, mawu awo anali otsika, opanda nthabwala ija.

“Dzinja kawiri, amama, ndatsetsereka kukhwawa kuja ndi mawondo awa. Mvula, mame, njoka. Mumayesa ndimakonda?”

Eluby anati ayi, tsopano wadziwa. Misozi inali pafupi koma anaigwira, chifukwa kulira pamaso pa mkulu wotere kukanakhala kumuchititsanso manyazi. A Kaira anamuuza kuti adzuke, dothi lingadetse zovala za boma. Anakhala pampando tsopano, anamwa tiyi, ndipo pochoka anamuyang'ananso Dona n'kunena kuti chinyama ichi chili ndi ulemu kuposa anthu ena.

Panali patatsala masiku khumi ndi awiri. M'mawa mwake mdalayo anakhoma zikhomo zake kuseri kwa nyumba yake, kupitirira nthochi, kumene munthu wa pabwalo sangaone ngakhale chipewa cha wopitako. Eluby anabwera, anayeza mapazi mpaka kuchitsime, anapeza kuti akwana ndi kutsalako. Emmanuel anabwera ndi khasu ndi anzake awiri, bambo ake anawabweza, nati dzenje la Kaira akumba ndi Kaira. Anangolola kuti azimutulutsira dothi ndi ndowa pamene dzenje linapitirira m'chiuno. Dothi la m'chilimwe ndi mwala, inu, koma mdala uja ankalowa m'dzenjemo dzuwa likamatuluka, kutuluka likafika pamutu, masiku asanu. Kenaka anatulutsa zipangizo zake zimene zinachita dzimbiri m'bokosi, anapala matabwa a mlombwa amene ankasungira bokosi lake la maliro, anakhoma chitseko cha mahinjesi ndi loko wamkati, ndi kampando kokwera koti mawondo asavutike, kokhala ndi chivundikiro chogwira bwino. Amuna a m'mudzimo ankabwera kudzaonerera, ena n'kumayeza kampandoko ndi zikhato kuti akapangire makolo awo.

Eluby komabe mtima sunakhale pansi. Zimbudzi zokongola zimene mwini wake salowamo anaziona zambiri pantchito yake, zomangira alendo, m'kati muli akangaude okhaokha. Mwina mdalayo anangokwaniritsa lonjezo. Kufunsa sakanafunsa, ndipo kukasuzumira kukhwawa anaona kuti n'kumunyoza munthu amene wamukhulupirira. Anangodikira.

Tsiku lija linafika. Galimoto ya ku Boma inaima pansi pa mtengo wa mango, munatuluka anthu anayi, wotsogolera ali mayi wina wamagalasi dzina lake Maureen, amene ankadziwika kuti sasekerera. Anagawana mudzi. Analowa m'zimbudzi, anaponda mipondagiya, anafunsa ana kumene amapita akafuna kudzithandiza. Kenaka amuna awiri anapinda mathalauza n'kutsetserekera kukhwawa.

Mayi Maureen anafika pakhomo pa a Kaira cha m'ma leveni. Anaona cha njerwa chija, anachonga. Atauzidwa kuti kuseri kuli china anakweza nsidze, nazungulira nyumba, Eluby ali pambuyo. A Kaira anali ataima pafupi ndi nthochi, jekete lija lili pathupi, ngati munthu woti ajambulidwe. Koma mlendoyo sanayambe ndi chitseko chokongolacho. Anaima n'kuyang'ana pansi. Kuchokera pakhomo la kuseri kwa nyumba mpaka pachimbudzipo, udzu wouma unali utagona, ndipo pakati pake panali kanjira kopondeka, kofiira, kokhala ndi timaenje ta nsonga ya ndodo m'mbali mwake, tambirimbiri, topita ndi tobwerera.

“Ichi chikugwira ntchito,” anatero mayi Maureen, osatsegula n'komwe chitseko.

A Kaira anati atsegule ndithu, aone mahinjesi. Anatsegula, anaona, ndipo mayi wosaseka uja anafunsa ngati angajambule kampandoko pafoni kuti akaonetse madera ena. Mdalayo analola, koma anati ajambule iwonso ataima pambali pake.

Amuna aja anatulukira kuchokera kukhwawa atatopa, chisoso chili mbwee m'masokosi. Wamkuluyo anapukusa mutu kwa mayi Maureen kuti kulibe kanthu, ayenda mpaka kumtsinje. Amayi a komiti amene ankatsatira chapatali anayamba nthungululu, ndipo kuseri kwa khitchini, kumene sakanaonana ndi apongozi ake, Esnart naye anaimba yake.

Eluby anatsegula kaundula pa dzina la Kaira. Anatulutsa cholembera. Mayi Maureen anasuzumira, nafunsa kuti zatheka bwanji kuti mudzi wa nyumba makumi anayi ndi ziwiri ukhale ndi zimbudzi makumi anayi ndi zitatu, ndipo ndani anaganiza zoti mkuluyu akhale ndi chakechake. Eluby anatsegula pakamwa kuti anene zoona zake zonse, za zikhomo zolakwika ndi zaka ziwiri zija, koma a Kaira anamudula, akuloza ndi ndodo.

“Ndi amama awa. Ena amabwera kudzatiuza. Awa anabwera kudzagwada.”

Eluby anachonga mzere uja mwamphamvu mpaka pepala linaboka. Anatseka kaundula, anamuika kukhwapa, ndipo anawatsogolera alendo aja kukhomo lotsatira, akuyenda patsogolo pawo mutu uli m'mwamba.